Mafunso Khumi a Malume

"M'nyumba mwanga muno, ine ndikafuna, ngakhale mbuzi ikhoza mayeso! Mukundimva, mayi ake mwana? Mbuzi ya ndevu zake ilowa m'holo, ituluka satifiketi ili kukamwa!"

Amene ankalankhulawo anali a Simenti, mwini sitolo ya zipangizo zomangira, akumenya tebulo mpaka masupuni kudumpha m'makapu. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa cha malonda awo, koma ena ankati ndi chifukwa cha mutu wawo: ukauma wauma, uthire madzi usathire.

"Mbuzi yanuyo ndi iyi yabwera ndi malikisi asanu ndi anayi," anatero akazi awo akugwedeza pepala la mayeso oyeserera. "Asanu ndi anayi pa handiredi, abambo! Munthu wongolemba dzina lake bwinobwino amapatsidwa khumi a chisoni. Nanga chaka chonsechi si amabwera ndi zochonga zokhazokha m'kope la masamu?"

Mwana wawo, amene anamutcha Injiniya asanamere ndi dzino lomwe, anali atakhala pakona, mnyamata wa mapewa ngati chitseko cha galaja, akuyang'ana zala za kumapazi kwake ngati wangozigula kumene.

"Zochongazo mwini wake ndi uyo ali pa sinkiyo," anayankha a Simenti. "Inu nokha ndi amene simukudziwa m'nyumba muno."

Pa sinki panali Kampasi, mwana wa mlongo wawo wa a Simenti. Anzake kusukulu anamutcha choncho chifukwa cha miyendo yake yaitali ndi yowonda ngati ya kampasi yojambulira zozungulira. Naye anali m'kalasi lomaliza limodzi ndi msuweni wakeyo, naye anabwera ndi pepala lake tsiku limenelo. Linali m'thumba la siketi, lopindapinda, likunyowa ndi madzi otsukira mbale. Pamwamba pake panali 86. Palibe anamufunsa.

"Iwe Kampasi, tasiya mbalezo ubwere kuno. Nanunso mayi khalani pansi, mumve mmene amaganizira munthu amene anayenda. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ndawoloka malire a maiko ndi lole yodzaza mpaka kumwamba, ndagona m'madoko momwe ngakhale moni wawo samveka, ndipo palibe chipata chimene chinandikaniza. Chipata chilichonse chili ndi kiyi wake. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mukuganiza kuti mtsikanayu ndinamulembetsa dzina langa chifukwa chiyani?"

Kampasi anaima pakhomo la khitchini, thovu likudontha m'zigongono. Tsiku lolembetsalo ankalikumbuka bwino. Malume ake anapita naye ku ofesi ya ahedi, anamugwira paphewa, nati, "Fufutani dzina la bambo akelo, lembani langa. Uyu ndi mwana wanga." Iye anakalirira kuseri kwa kalasi chifukwa cha chimwemwe, ndipo madzulo ake analemba dzina latsopanolo pa kope lililonse, mpaka pa lula.

"Manambala a mayeso amatsata maina," anapitiriza a Simenti akuwerenga ndi zala, "ndipo mipando imatsata manambala. Pa oyesererawa mphunzitsi anawasakaniza dala anawa. Koma pa enieniwo palibe angasinthe: uyu kutsogolo, Injiniya kumbuyo kwake, mpweya wa wina pakhosi pa mnzake. Zimenezi ine ndinaziona kalekale, inu muli kalikiliki kusankha makatani. Ndipo ndafufuza. Mafunso khumi akwana kuti munthu akhoze masamu. Khumi basi! Iwe ulemba mayankho khumi pa lula, lula igwa pansi, Injiniya atola. Mwana wa munthu wakhoza."

"Malume," anatero Kampasi, mawu akutuluka pang'onopang'ono, "samachonga yankho lokha. Amachonga njira imene munthu wadzera."

"Njira ya chiyani? Kasitomala akagula katundu amafunsa njira? Amafunsa kuti zonse pamodzi zingati, walipira, wapita."

"Yankho lopanda njira amapereka malikisi amodzi, nthawi zina osapereka n'komwe."

A Simenti anakanda chibwano. Zimenezi sanaziwerengere. Koma munthu amene anakokapo lole m'matope sasowa chingwe china.

"Ndiye lula isiye. Pepala lonse uzilikankhira m'mphepete mwa desiki, mnzako azikopera ndi njira yomweyo. Maso ali nawo."

"Nanga akatigwira?"

"Amagwidwa ndi opusa. Tamvera iwe mwana wa mlongo wanga. Wadya pano, wavala pano, fizi sinachedwepo. Ndinakuwerengerapo ine? Koma kupatsa n'kuikiza. Mafunso khumi, ngongole yatha, ndiwe mfulu. Ukakana, chikwama chako njira ya kudepoti chikuidziwa."

Akazi awo anapinda pepala la malikisi asanu ndi anayi lija n'kulilowetsa pansi pa nsalu ya patebulo. Kampasi anabwerera ku mbale zake, madzi atazizira kale.

Chipinda chake chinali kuseri kwa sitolo, komwe ankasungirako katundu. Bedi linali pakati pa zitini za penti ndi mipukutu ya waya, ndipo zovala zake zonse zinkanunkha penti moti kusukulu ankati akadutsa khoma limauma lokha. Zenera linali limodzi, laling'ono, loyang'ana khoma la anthu oyandikana nawo. M'menemo ndi mmene ankawerengera, atakhala pa chitini, bondo ndiye tebulo.

M'mawa mwake anabwereka foni kwa mayi wogulitsa nthochi pakhonde la sitolo n'kuimbira amayi ake. Anafotokoza mwachangu, akuopa kuti mayunitsi a eni ake atha.

"Mwana wanga," anatero amayi akewo, mawu akumveka ngati akuchokera m'chitsime, "walira mvula walira matope. Sukulu unaifuna wekha. Malume akowo ndi amene amatitumizira ka sopo kuno, azing'ono ako akuvala chifukwa cha iwo. Ukawakwiyitsa tilowera kuti? Chibale ndi fupa, sichiola. Ingochita zimene akunenazo, Mulungu aona."

"Amayi, akandigwira amafufuta zonse. Zaka zonsezi..."

Foni inaduka. Mayi wa nthochi anailandira n'kuipukuta pa nsalu yake.

Atabwerera m'chipinda muja, Kampasi anatenga lula ndi lezala n'kuyamba kupala dzina la malume ake. Linachoka, koma panatsala chipsera choyera pa thabwa. Pa makope analisiya; anali ambiri. Anatsegula buku la mafunso a zaka zam'mbuyo n'kuyang'ana x. Chilembo chimenechi ankachikonda kuyambira kale. Nacho chilibe dzina lakelake, lero ndi ichi mawa ndi icho, ndipo anthu amachifunafuna pokhapokha pali malikisi.

Anayesanso kwa aphunzitsi a masamu. Anawapeza ataweruka, akupukuta choko m'manja pakhomo la kalasi. Anali munthu wabwino, wodekha, amene nyumba yake inali itangofoleredwa kumene ndi malata onyezimira ochokera m'sitolo ya a Simenti, olipira pang'onopang'ono.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana kubwalo la mpira.

"Mwanawe, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Za m'banja mwanu ine sindinamve, ndipo iwe sunanene."

"Simungasinthe mpando wanga, aphunzitsi? Ngakhale pafupi ndi chitseko."

"Mipando si yanga. Manambala anabwera kale, oyang'anira adzachokera kwina, ine tsiku limenelo sindiloledwa ngakhale kusuzumira pazenera. Chimene ndingakuuze n'chakuti akakugwira samafunsa kuti wokopera ndani, wokopetsa ndani. Nonse awiri, maphunziro onse, psiti. Iwe uli ndi mutu woti n'kukafika kukoleji. Usautaye."

"Ndiye nditani?"

Aphunzitsi anaomba m'manja kuti fumbi la choko lichoke.

"Ukawerenge," anatero, nanyamula chikwama chawo.

Masana ena Injiniya analowa m'chipinda chosungira katundu kudzatenga misomali. Anamupeza Kampasi atang'amba thumba la simenti lopanda kanthu, akulemba masamu papepala lake lofiiriralo chifukwa makope anali atadzaza.

"Mlongo..."

"Mlongo wako ndani? Ndine msuweni wako. Ulongo uja unali wa mpando."

Mnyamatayo anakhala pa mpukutu wa waya, waya n'kulira.

"Ukuganiza kuti ine zikundikomera? Chibadwire changa ndi Injiniya, Injiniya. Alendo akabwera, 'Injiniya, bwera upereke moni.' Ine ndikaona x m'mimba mumatentha ngati ndamwa mafuta a mabuleki. Chimene ndikufuna ine ndi lole basi. Andipatse lole aone ngati sindikafika nayo kumene dzuwa limatulukira."

"Lole amayendetsa anthu odziwa kuwerenga."

"Kuwerenga ndimadziwa. Masamu ndi amene sindidziwa."

Kampasi anachotsa pensulo kukamwa n'kumukankhira pepala lija.

"Tandiuza. Kasitomala wagula matumba awiri a simenti ndi lata limodzi, walipira 70. Wina wagula thumba limodzi ndi lata limodzi, walipira 45. Thumba ndi zingati?"

"25. Lata 20. Ndipo mitengo imeneyo abambo akaimva akomoka."

"Wadziwa bwanji?"

"Aa, iwenso. Awiriwa akusiyana thumba limodzi basi. Ndiye kusiyana kwa ndalama zawo ndi mtengo wa thumbalo."

"Lemba zimene wanenazo apa. Koma thumba ulitche x, lata ulitche y."

Injiniya analemba monyinyirika, zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani. Mzere woyamba, mzere wachiwiri, kuchotsera. Atafika pansi anaima. Anayang'ana pepala, anayang'ana msuweni wake, anayang'ananso pepala.

"Iwe Kampasi. Ukundiuza kuti x ameneyu ndi thumba la simenti?"

"Lero ndi thumba la simenti."

"Zaka zonsezi ine ndakhala ndikuthawa thumba la simenti? Limene ndimanyamula awiri nthawi imodzi?"

Kampasi anaseka, ndipo kusekako kunamudabwitsa mwini wake, chifukwa m'chipinda chimenecho munali musanamvekepo phwete.

"Funso ngati limeneli limabwera chaka chilichonse," anatero. "Malikisi asanu. Latsala limodzi mwa khumi aja."

"Latsala limodzi kapena lachoka limodzi?"

"Waona? Kuchotsera ukudziwa."

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse a Simenti akapita kukagona pang'ono atadya, chipinda cha penti chinkasanduka kalasi. Kampasi anasanthula mapepala a zaka zam'mbuyo n'kusankha mafunso amene amabwerabwera ngati abale a kumapeto kwa mwezi. Anatsamiritsa makwerero kukhoma, n'kumupatsa Injiniya tepi yopimira: kuchokera pakhoma kufika pa phazi la makwerero, kuchokera pansi kufika pamene atsamira, ndiye utali wa makwererowo aupeze ndi pensulo asanapime. Atapima n'kupeza kuti tepi ikugwirizana ndi pensulo, mnyamatayo anazungulira makwerero aja kawiri ngati pabisala munthu. Za liwiro, mtunda ndi nthawi sanavutike nazo. Kampasi ankangoti "lole yanyamuka" ndiye mnzakeyo maso gwa. Za maperesenti a phindu anabadwa nazo. Madiramu a madzi anawapeza kuchuluka kwa zolowamo mpaka kutsutsa zolembedwa pa chivindikiro.

Koma zina zinakana. Za ngodya za m'kati mwa zozungulira, Injiniya ankangotuluka thukuta.

"Izi ndiye za afiti, msuweni. Chinthu chozungulira chikhala bwanji ndi ngodya?"

"Zisiye. Mapanga awiri avumbwitsa. Gwira zimene wagwirazo."

"Ukanakhala mkazi wanga bwenzi ndili ndi digiri."

"Ndikanakhala mkazi wako bwenzi ndili kuchipatala cha amisala. Lemba njira, usadumphe mzere. Mzere uliwonse ndi malikisi."

Nthawi imeneyo inali yake yowerengera, ndipo ankaiona ikutha. Mitu iwiri ya kumapeto kwa buku, imene aphunzitsi anangoidutsa mothamanga, inali isanakhazikike m'mutu mwake. Ankati aiona mawa, mawa n'kukhala la makwerero. Ndipo phunziro lililonse likatha, Injiniya ankaima pakhomo, dzanja pa chitseko, n'kufunsa funso lomwelomwelo.

"Komabe zikakandivuta undionetsa, eti?"

Kampasi ankangopinda pepala la simenti lija. Mnyamatayo ankapita kunyumba yaikulu, ndipo madzulo kuseka kwa patebulo kunkamveka kudzera pakhoma, a Simenti akusimba za mlatho wina umene anawoloka madzi ali m'mawondo. Iye ankadikira kuti mipando ikokedwe, ndiye apite kukadya zotsala ndi kutsuka.

Mayeso anayamba, maphunziro ena anadutsa bwinobwino. Masamu anali omaliza. Dzulo lake a Simenti anatseka sitolo dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa maliro, n'kukonza mipando iwiri pabalaza, wina kutsogolo wina kumbuyo.

"Ndege isanauluke amayamba aiyesa pansi. Khalani. Ine ndine woyang'anira."

Anavala magalasi, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku, nsapato zikulira gu, gu, gu.

"Mukumva mapazi? Akamapita kutali, ndiye nthawi yake. Kampasi, kankha pepala! Ayi, osati choncho ngati ukupereka madzi kwa apongozi! Ndi chigongono, mosadziwa, ngati ukukanda. Injiniya, khosi usatalikitse ngati nthiwatiwa. Maso okha! Ine ndinadutsitsapo matayala pa chipata msilikali ataima pomwepo, chifukwa cha maso okha."

Anabwereza mpaka a Simenti anakhutira. Madzulo amenewo Kampasi anaitanidwa kudya patebulo. Akazi a malume ake anamuikira ntchafu ya nkhuku m'mbale, ndipo yunifolomu yake inali itapachikidwa pa mpando, yosita, mizere ili chilili.

"Idya, mwanangu, mawa mutu ugwire ntchito. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Kampasi anamaliza mwambiwo mumtima: ukachenjera manja udya naye. M'mawa, asanavale yunifolomu, analongedza zovala zake ndi mabuku m'chikwama n'kuchibisa kuseri kwa zitini za penti.

Holo inali yodzaza madesiki m'mizere yowongoka, nambala iliyonse itamatidwa pakona. Zinali monga ananenera a Simenti: Kampasi kutsogolo, Injiniya kumbuyo kwake, pafupi moti ankamva fungo la sopo amene mnzakeyo anasambira. Chimene a Simenti sanachidziwe ndi nsapato za woyang'anira. Anali mayi wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, atavala nsapato za nsalu zosalira n'komwe. Umangozindikira kuti ali pambali pako chithunzithunzi chake chitagwera papepala.

"Tembenuzani mapepala. Yambani."

Kampasi anawerenga mafunso onse kaye, monga ankachitira nthawi zonse. La matumba ndi malata linalipo, litavala zovala za makope ndi mapensulo. La makwerero linalipo. La lole linalipo, koma inali basi. Anayamba kulemba.

Sipanapite nthawi, mwendo wa mpando wake unagundidwa. Gu.

Anapitiriza kulemba, koma manambala anayamba kusambira. Anaganiza za amayi ake ndi ka sopo kaja. Anaganiza za depoti, ndi basi imene imakutsitsa pamene msewu wathera. Chigongono chake chinali chitayamba kale kusuntha chokha, monga anachiphunzitsira pabalaza paja.

Gu. Kachiwiri. Kenako kunong'ona, mpweya wofunda pakhosi pake.

"Msuweni."

Kampasi anakokera pepala lija pakati pa desiki, anaika mkono wamanzere mozungulira, n'kuweramira pomwepo. Mzere umene anajambula ndi lula unatuluka wokhota, anachita kufufuta. Anadikira kugunda kwachitatu. Msana wonse unali kudikira. M'holo monse munali anthu oposa zana, koma iye anali yekha ngati munthu woyenda pa mlatho wa thabwa limodzi.

Kugundako sikunabwere. M'malo mwake anamva kupuma kwamphamvu, kenako pensulo ikukanda pepala, kenako kung'ung'udza kwapansipansi: "Thumba... lata... kuchotsera..."

Chithunzithunzi chinadutsa pa desiki ya Kampasi n'kuima kumbuyo kwake.

"Mnyamata, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi simenti, madamu."

Mzere wonse unaphulika kuseka. Mayi uja anakweza dzanja, holo inati zii. Anatembenuza lula ya Injiniya, anasuzumira pansi pa desiki, anamuuza atambasule zikhatho. Sanapeze kanthu.

"Uiuze simentiyo kuti iziyankha chamumtima," anatero, koma sanapite patali. Nthawi yonse yotsalayo anaima pakati pa awiriwo, manja kumbuyo.

Funso lomaliza linachokera m'mitu iwiri ija ya kumapeto kwa buku. Kampasi analiyamba, anafika pakati, njira inamuthera. Belu linalira akuyang'anabe malo opanda kanthu amene panayenera kukhala malikisi asanu ndi atatu.

Anakumana pa mpopi kuseri kwa holo. Injiniya anali atanyowetsa mutu wonse.

"Unandisiya, iwe. Ndinagunda kawiri."

"Ndinamva."

"Mtima wako ndi wa konkire. Ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa atsikana."

"Bweretsa pepala la mafunsolo. Wayankha ati?"

Mnyamatayo anali atalemba mayankho ake m'mphepete ndi pensulo. Kampasi sanakhutire ndi mayankho okha. Funso lililonse ankati, "Unadzera pati?" ndipo Injiniya ankafotokoza mzere ndi mzere, akujambula m'mwamba ndi chala chonyowa. Pamene njira ndi yankho zagwirizana, Kampasi ankachonga. Ena anali olakwika moti anagwira pakamwa. Koma zochonga zinkachuluka, ndipo atafika kumapeto anawerenga kawiri, Injiniya naye anawerenga, milomo ikuyenda.

A Simenti anali kudikira pa kauntala ya sitolo, mabotolo awiri a zakumwa zoziziritsa kukhosi atatsegula kale. Akazi awo anali pambali, ndi makasitomala angapo akusankha mahinjesi.

"Abwera ophunzira! Tandiuzani, pepala linayenda bwino?"

"Silinasunthe, malume," anatero Kampasi.

"Wati bwanji?"

"Sindinamuonetse ngakhale nambala imodzi."

Nkhope ya a Simenti inasintha pang'onopang'ono, ngati khoma limene likulowa madzi.

"Abambo, ndalemba ndekha," analowerera Injiniya. "Anandiphunzitsa kuseriku masana onsewa. Taonani, x ndi thumba la..."

"Chete! Iwe wa malikisi asanu ndi anayi ulemba wekha? Ukufuna kumubisa mnzakoyu? Ine ndakubereka, mutu wako ndikuudziwa ngati thumba la buluku langa. Mulibe masamu m'menemo! Pita ukakweze matumba a abambo awa pa ngolo, ntchito imene ukuitha."

Injiniya anayang'ana Kampasi, anayang'ana bambo ake. Kenako anaweramitsa mutu n'kutuluka, mapewa aakulu aja atagwa.

"Ndipo iwe," a Simenti analoza ndi botolo, "ndinakuuza. Njoka ndinaifunditsa ndekha bulangeti. Dzina ndinakupatsa, denga ndinakupatsa, ndapempha kanthu kakang'ono, mafunso khumi, wandimana. Usagone pano lero. Ukawauze amayi ako kuti mlongo wawo anamwalira."

Kampasi anayang'ana akazi a malume ake. Iwo anali otanganidwa kwambiri ndi kuwongola mahinjesi m'bokosi. Makasitomala nawo anapeza chochititsa chidwi pa denga.

Analowa kuseri, anasuntha zitini za penti, natuluka ndi chikwama paphewa. A Simenti ataona kuti chinali cholongedza kale, anatsitsa botolo lija pa kauntala. Panja, Injiniya anali ataima pa ngolo thumba la simenti lili paphewa, osalitsitsa, osayenda.

Mtsikanayo anaima pa kauntala. Anatambasula pepala la mafunso la msuweni wake, lonyowa m'makona, zochonga zili m'mphepete kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kulitsindika ndi mwala wa sikelo kuti mphepo isaliulutse.

"Munati khumi, malume. Werengani, ndabweza khumi ndi awiri. Awiri apamwambawo musavutike nawo, sindidikira chenje."